Funsani Anachisale: Mwana wasankha kemisitiri, adzadya chiyani?

Ino ndi nyengo ya mafomu a ku yunivesite, ndipo makalata ambiri amene ndalandira mwezi uno ndi a sukulu. Ndasankhapo anayi okhudza kemisitiri, phunziro limene ineyo ndimadyera.

Anachisale,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala kuno ku Rosettenville, mu Johannesburg. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali Giredi 11. Anabadwira konkuno. Ine ndi bambo ake timafuna adzakhale namwino kapena dokotala, koma iye wakakamira kemisitiri. Nditamufunsa ngati akufuna kudzagulitsa mankhwala ku chemist anandiseka, akuti si zimenezo. Nanga ndi chiyani? Ntchito yake ilipo? Ndalama timazipeza movutikira, sindikufuna kuziponya m'madzi.
Mayi a Chisomo, Rosettenville

Mayi a Chisomo, asakusekeni mwanayo. Mayi anga ku Dedza anandifunsa funso lomwelo tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku koleji. Chimene chimasokoneza ndi chikwangwani. Kuno sitolo ya mankhwala amaitcha chemist, ndiye munthu akamva kemisitiri amaona mwana atavala gauni loyera akuwerenga mapilitsi. Wopereka mankhwala uja anaphunzira digiri ina, ya BPharm, ya zaka zinayi, ndipo amalembetsa ku South African Pharmacy Council. Wa kemisitiri, akhoze bwanji, lamulo silimulola kuima pa kauntala paja n'kumapereka mankhwala olembedwa ndi dokotala. Ntchito yathu ndi kufunsa kuti m'chinthu ichi muli chiyani, n'chochuluka bwanji, ndipo chikakumana ndi chinzake chisanduka chiyani.

Inuyo mwaigwirapo kale ntchito imeneyi. Mukatentha zitsononkho n'kusefa madzi a phulusa lake kuti mupeze chidulo cha therere, mwatulutsa potashi, mbale wake wa soda wa m'sitolo, n'chifukwa chake ndiwo zimafewa msanga. Abale athu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akaviika chinangwa chowawa masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole, amakhala akuchotsa poizoni wotchedwa cyanide. Ndiye mvetsani izi: poizoni yemweyo ndi amene anapulumutsa Johannesburg. Golide anapezeka kuno mu 1886, koma patangopita zaka zochepa okumba anafika pa mwala wakuya umene unkakana kutulutsa golide ndi njira yakale ya mercury. Anthu anayamba kumanga katundu. Chimene chinawabweza ndi njira imene John MacArthur ndi abale awiri a banja la Forrest a ku Glasgow anatulukira mu 1887, yosungunula golide m'madzi a cyanide n'kumubwezanso ndi zinki. Agogo athu amene anabwera pa Wenela ankaswa mwala pansi pa nthaka, koma golide ankakatulukira mu thanki ya munthu wa kemisitiri.

Ndikuuzeni za tsiku langa, kuti muone chimene mwana wanu akusankha. Ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza miyala ya m'migodi ndi madzi, cha ku East Rand. Mwala umandipeza utaperedwa kale, wosalala ngati ufa woyera. Ndimayeza magalamu 50 pa sikelo, n'kusakaniza ndi mankhwala a mtovu, soda, borax, siliva pang'ono ndi kaufa ka tirigu, ufa weniweni uja wa mandasi. Zonsezo zimalowa m'kambiya kadothi, kambiyako n'kulowa mu ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,000. Mtovu ukasungunuka umatsikira pansi utakokolola golide yense. Zikazizira timagogoda ndi hamala kuti galasi la pamwamba lichoke, n'kutsala kamtovu konga batani. Kabataniko kamabwereranso pa moto, m'kambale kamene kamamwa mtovu ngati mchenga ukumwa madzi. Pamapeto pake m'kambalemo mumatsala kamkanda kowala, ngati kanjere ka mpiru. Mwala ukakhala ndi magalamu 5 a golide pa tani, m'kamkandako muli golide wolemera 0.25 ya miligalamu basi. Nambala imeneyo ndikailakwitsa, eni mgodi akhoza kukumba dzenje la mamiliyoni pamalo opanda kanthu, kapena kusiya chuma pansi. Zaka zonsezi, ndikatsegula ng'anjo n'kuona timikanda titandandalika m'timbale tawo, mtima wanga umadumphabe.

Ntchito ilipo, ndipo m'chigawo chino cha Gauteng ndi m'mene ili yambiri. Mintek ku Randburg imafufuza njira zotulutsira zitsulo m'miyala. Rand Refinery ku Germiston yakhala ikuyenga golide kwa zaka zoposa 100. Ku Modderfontein akhala akupanga zophulitsira miyala kuchokera m'ma 1890. Sasol, ku Sasolburg ndi ku Secunda, imapanga mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'mafakitale kuchokera ku malasha ndi gasi. Madzi amene mwaphikira tiyi m'mawa uno anayezedwa ndi anthu a Rand Water. Palinso opanga penti, sopo, feteleza, zakumwa ndi mafuta odzola, ndipo aliyense wa iwo ali ndi kachipinda koyezera. Migodi yakale nayonso inatisiyira ntchito: mwala wa pyrite ukakumana ndi mpweya ndi madzi umabala asidi, ndipo mu 2002 madzi ofiira aasidiwo anayamba kusefukira pamtunda cha ku West Rand. Mpaka lero amawathira laimu ndi kuwayeza. Ana asanu ndi mmodzi aja atamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu October 2024, tonse tinkangonena zongoganiza. Amene ananena dzina la poizoniyo, terbufos, mankhwala a mbozi za m'munda amene anthu amagulitsa mumsewu ngati ophera makoswe, monga amachitira temeki kwathu, anali anthu a mu labotale.

Tsopano za khomo lolowera. Khomo lake ndi masamu. Funsani Chisomo lero lomwe ngati akutenga Mathematics kapena Mathematical Literacy, chifukwa yachiwiriyi digiri ya sayansi ya BSc sailandira, olo atapeza 90. Ayeneranso kukhala ndi Physical Sciences. Ndipo chaka chake ndi chino, osati cha mawa, pakuti mafomu amalembedwa mwana ali Giredi 12 pogwiritsa ntchito zotsatira za kumapeto kwa Giredi 11. M'mera mpoyamba. Mapointi amene yunivesite iliyonse ikufuna amasintha, choncho awerenge kabuku ka chaka chimenecho pa intaneti, asadalire zomva kwa anzake.

Kuchokera ku Rosettenville sukulu zili pafupi, takisi imodzi kulowa m'tauni. Wits ili ku Braamfontein. Inayamba ngati sukulu ya zamigodi ku Kimberley mu 1896, ndipo Aaron Klug, amene analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 1982, digiri yake yoyamba anaitenga kumeneko. University of Johannesburg imaphunzitsa BSc ku Auckland Park, komanso dipuloma ya Analytical Chemistry ku Doornfontein. Dipulomayo musaiderere. Ana ochokera kumeneko akafika kwathu ku ntchito, manja awo amakhala atazolowera kale zipangizo, pamene ena a digiri timayamba kuwaphunzitsa kagwiridwe ka botolo. Mapointi akaperewera pang'ono palinso njira yotalikitsidwa, imene imawonjezera chaka chimodzi kuti mwana ayambe pang'onopang'ono.

Pali chinthu chimene makolo ambiri sauzidwa, ndipo sindikubisirani. BSc ndi ya zaka zitatu pa pepala. Ana ambiri amaimaliza m'zaka zinayi, chifukwa kubwereza phunziro limodzi kumakankhira ena onse kutsogolo. Akamaliza, digiri ya zaka zitatuyo yokha siimufikitsa patali. Pamafunika chaka china cha Honours, m'mene mwana amapatsidwa kafukufuku wakewake ndi kugwira makina akuluakulu ndi manja ake. Bungwe lolembetsa akatswiri a sayansi, SACNASP, kuti likulembe ngati katswiri wathunthu limafuna maphunziro a msinkhu wa Honours ndi zaka zogwira ntchito pamwamba pake. Choncho mukamawerengera ndalama, werengerani zaka zinayi kapena zisanu. Ntchito yoyamba nayonso si ya mu ofesi ya kapeti. Ndi ya mashifiti, yotsuka mabotolo, yoyeza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri pa tsiku, ndipo malipiro oyamba ndi ochepa poyerekeza ndi a mainjiniya. Amakwera munthu akadziwa makina monga ICP, HPLC kapena GC, ndi malamulo oyendetsera labotale a ISO 17025.

Nkhani ya mapepala ndiyo imandiwawa kwambiri, chifukwa ndaona ana okhoza bwino atakhala pakhomo chaka chathunthu. Kubadwira kuno sikumpatsa mwana unzika. Koma lamulo la unzika la dziko lino, ndime 4(3), limati mwana wobadwira kuno kwa makolo akunja, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhala kuno kuchokera pobadwa mpaka zaka 18, akhoza kupempha unzika. Sungani satifiketi yake yakubadwa, khadi la ku sikelo ndi malipoti onse a sukulu, chaka ndi chaka, pakuti umenewo ndiwo umboni wake. Izi n'zofunika chifukwa thandizo la boma la NSFAS, la mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pa chaka, ndi la nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhalitsa, ndipo mabasale ambiri a makampani amafunanso nzika. Akalowa ndi pasipoti ya Malawi adzafunika viza ya sukulu ndi medical aid yolembetsedwa kuno. Chotonthoza n'chakuti pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati ana a m'maiko athu azilipira fizi yofanana ndi ya eni dziko. Pamwamba pake pamakhala ndalama ina ya ophunzira akunja, ndipo kawirikawiri amafuna gawo lalikulu la fizi mwana asanalembetse.

Za udokotala, musamulowetse kemisitiri ngati njira yachidule. Wits ili ndi khomo la amene ali kale ndi digiri, lotchedwa GEMP, koma olimbirana malo ndi ambiri zedi. Amene walowa kemisitiri mtima uli kwina chaka chachiwiri chimamutulutsa. Koma mwana amene wakana yekha unamwino n'kutchula phunziro limene anzake amathawa, ine ndimamumvera. Muuzeni za Pulofesa Tebello Nyokong wa ku Rhodes University, amene anakulira ku Lesotho akuweta nkhosa, lero amafufuza mankhwala olimbana ndi khansa pogwiritsa ntchito kuwala. Ndipo akadzafuna kubwerera kwathu, Malawi Bureau of Standards, mabungwe a madzi, mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, oyeza chuku chapoizoni mu mtedza, ndi migodi imene ikutsegulidwa ku Kangankunde ndi ku Kasiya, onsewo amafuna munthu wodziwa kuyeza. Masamu ake akakhala kuti ali bwino, mulekeni apite.

Anachisale,
Ndine mnyamata wa zaka 21. Ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo n'kupeza mapointi 14, kemisitiri ndinapeza 2. Ndalama zitasowa ndinabwera ku Joni, pano ndimagwira ya m'dimba ku Randburg. Ndikasunga ndalama, kodi Wits kapena UJ angandilandire ndi satifiketi yangayi?
T.M., Randburg

Achimwene, mapointi 14 ndi mutu wabwino, ndipo 2 wa kemisitiri simunamutole pansi. Koma yankho lake ndi lakuti MSCE payokha siikulowetsani digiri kuno. Si kuti satifiketi yathu ndi yachabe. Kwathu munthu amalowa yunivesite akamaliza Folomu 4 n'kuphunzira zaka zinayi, pamene kuno amalowa atamaliza Giredi 12 n'kuphunzira zitatu. Chaka chimene mukusowacho kwathu chili mkati mwa digiri, kuno chili ku sekondale. Wobwera ndi satifiketi yakunja amayenera kupeza kalata ya exemption, yomuvomereza kuyamba digiri, ku Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo iwo MSCE amaiwerengera pa msinkhu wa O-Level.

Njira zilipo, koma iliyonse ili ndi mtengo wake. Mukhoza kulemba A-Level ya Cambridge, masamu ndi kemisitiri kapena fizikisi, n'kuiphatikiza ndi MSCE yanu. Imeneyi ndiyo njira yowongoka, kungoti makoleji ake ndi odula. Mukhoza kudikira zaka 23 n'kupempha exemption ya akuluakulu, koma kalatayo imangotsegula chipata cha panja, a sayansi adzafunabe umboni wa masamu. Mukhozanso kufunsa ku Unisa za Higher Certificate ya chaka chimodzi ya sayansi, imene ena amakwerera kupita ku digiri. Unisa munthu amawerenga ali pakhomo akugwira ntchito, koma kemisitiri siiphunziridwa pa foni yokha. Mapulakitiko ake amafuna mufike ndi thupi lanu, ndipo malabotale awo ali ku Florida, ku Roodepoort. Abwana anu adzafunika kukumasulani masiku amenewo. Satifiketi yanu mukaitumizenso ku SAQA, bungwe la kuno loyeza masatifiketi, kuti aiyeze msinkhu wake, amaifuna m'malo ambiri.

Simunandiuze za mapepala anu okhalira kuno, ndiye ndingonena. Viza ya sukulu siiperekedwa kwa munthu amene masiku ake anatha kale, ndipo imapemphedwa munthu ali kwawo. Musapereke ndalama kwa aliyense amene akuti akukonzerani pa kona.

Mukanakhala mlongo wanga wa bere limodzi ndikanakuuzani kuti muyang'ane kwathu. Satifiketi yanu idakali yatsopano. University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University amaphunzitsa kemisitiri, MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a sayansi ndi uinjiniya, ndipo onsewa amalandira MSCE kudzera ku NCHE, bungwe loyendetsa kasankhidwe ka ophunzira a m'mayunivesite a boma. Pali ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite, imene kuno simungaione. Marandi amene mukusunga ku Randburg akasinthidwa kukhala makwacha adzakuyendetsani mtunda wautali kuposa kuno. Ineyo ndinayenda momwemo: zaka zinayi kwathu, kenako Honours kuno. Pa Honours ndi Masters ndi pamene zitseko za kuno zimatsegukirako wakunja, chifukwa aphunzitsi amakhala ndi ndalama za kafukufuku ndipo amasakasaka ophunzira akhama. Chonde musalole kuti chaka chino chidutse. NCHE imayang'ana amene alemba mayeso posachedwa, ndipo satifiketi ikagonera zaka m'chikwama khomo limenelo limatsekeka.

Anachisale,
Ndili chaka choyamba cha BSc pa yunivesite ina muno mu Johannesburg. Ku Matric ndinakhoza bwino kwambiri, koma mayeso oyamba a kemisitiri ndapeza 38. Mu labu anzanga amamaliza ine ndikadali pakati, ndipo manambala anga safanana ndi awo. Ndimachokera ku Cosmo City tsiku lililonse, ndimafika nditatopa. Makolo sindinawauze. Kodi ndisiye?
Mwana wanu wosweka mtima, Cosmo City

Mwana wanga, usasiye chifukwa cha mayeso amodzi. Chimene chakuchitikiracho chimachitikira ambiri amene anali oyamba m'kalasi mwawo. Ku sekondale unkaloweza mapepala a zaka zam'mbuyo ndipo mafunso ankabwera ndi nkhope yomweyo. Kuno funso limabwera litavala malaya ena, ndipo amafuna uone wekha kuti ndi lomwe lija.

Tenga pepala la 38 lija, usalibise pansi pa matiresi. Yang'ana pamene wataya mamalikisi. Ndikhulupirira upeza kuti ambiri athawira pa mole. Mole ndi muyeso, ngati m'mene amayi pa msika amagulitsira nyemba pa mbale m'malo mowerenga imodziimodzi. Mbale yathu ili ndi tinthu 6.022 × 10²³. Madzi olemera magalamu 18, ongopitirira pang'ono sipuni yaikulu, ndi mole imodzi. Mchere wa m'khitchini magalamu 58.5 ndi mole imodzinso. Funso lililonse la kuchuluka, yamba wasandutsa zimene wapatsidwa kukhala mamole, yang'ana equation kuti ichi chimadya chinzake zingati, kenako bwerera ku magalamu kapena malita. Lemba mayunitsi pa mzere uliwonse. Uchite mafunso asanu tsiku lililonse ndi pensulo, buku litatsekedwa. M'takisi ukhoza kuwerenga manotsi, koma kuwerengera kumafuna tebulo, ndiye uzitsala ku laibulale ola limodzi m'malo molimbirana mzere wa takisi wa 5 koloko ku Bree.

Za mu labu, ndikuuze zimene zinandichitikira pa titration yanga yoyamba, kuyeza mphamvu ya asidi pomudonthezera soda. Mu botolo munali mamililita 25 a asidi ndi madontho awiri a phenolphthalein, mankhwala osanduka pinki asidi akatha mphamvu, madzi oyera mbee. Pamwamba pali burette, kapaipi kagalasi ka kampopi, yodzaza madzi a soda. Dzanja lamanzere pa kampopi, lamanja likuzunguza botolo. Dontho likagwa pamaoneka kamtambo kapinki n'kuzimirira. Ndinatopa nako kudikira, ndinatsegula kwambiri, madzi onse anangoti piriwiri. Mnzanga wa pambali anali atapeza mamililita 23.40, ine 24.90. Ndinagwira cholembera kuti ndilembe nambala yoyandikira yake. Mayi amene ankatiyang'anira anaima kumbuyo kwanga, anandigwira dzanja, n'kunena motsitsa kuti, "Lemba chimene waona, kenako bwereza." Ndinabwereza katatu. Anandiphunzitsa kuika pepala loyera pansi pa botolo, kutsitsa diso kuti lifanane ndi pansi pa kamphako ka madzi mu burette, ndi kudula dontho pakati ndikayandikira, n'kulitsukira m'botolo ndi madzi oyera. Kapinki koyenera ndi kofowoka, kongokhala masekondi 30 osachoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero nambala zanga anthu amagulira ndi kugulitsira katundu wa mamiliyoni, ndipo chimene amandilipirira ndi chomwe chija, kuti ndimalemba chimene ndaona.

Kuchedwa kwakoko mankhwala ake ali kunyumba. Usiku woti mawa kuli pulakitiko, werenga ndondomeko yonse, jambula matebulo ako, werengeratu nambala imene ukuyembekezera. Ukatero manja amangotsatira. Ndipo pulakitiko usajombe ngakhale imodzi, chifukwa amene sanakwanitse mapulakitiko ndi matutoriyo ambiri saloledwa n'komwe kulowa m'chipinda cha mayeso omaliza.

Pita kwa mphunzitsi wako pa maola amene anaika pa chitseko, pepala lili m'manja. Pitanso kwa alangizi a ophunzira a ku sayansi sabata ino, uwafunse kuti uyenera kukhoza maphunziro angati kuti usachotsedwe, ndiponso ngati n'kotheka kuchepetsa katundu wa chaka chino. Kwa mwana wakunja kuchotsedwa kumagwetsanso viza, choncho ndi bwino kudziwiratu. Ukadutsa apa, chaka chachiwiri phunziroli limagawika panayi, organic, inorganic, physical ndi analytical, ndipo physical imayenda pa calculus, ndiye masamu a chaka chino usawataye. Makolo ako uwauze. Adzakhumudwa madzulo amodzi, koma mwina adzakuchotsera ntchito zina za pakhomo, kapena kukupezera pogona kwa wachibale kufupi ndi sukulu masiku a mayeso. Undilemberenso ukalandira zotsatira za mayeso achiwiri.

Anachisale,
Mwana wa mchimwene wanga akuphunzira zomwezi. Anthu ku tchalitchi akuti akazi ogwira mankhwala a mu labu sabereka. Ndi zoona?
Azakhali odandaula, Turffontein

Azakhali, ine ndili ndi ana awiri, onse ndinawabereka ndili pa ntchito yomweyi. Koma nkhawa yanu ili ndi pogwira. Mtovu, mercury ndi mankhwala ena osungunulira zinthu amavulaza mwana wosabadwa, ndipo mtovu umawononganso mphamvu ya abambo. N'chifukwa chake ife ogwira mtovu amatiyeza magazi kawirikawiri monga lamulo limanenera, ndipo mayi akangodziwa kuti ndi woyembekezera amauza akuluakulu n'kusamutsidwa ku chipinda cha ng'anjo. Ku yunivesite ana amagwira timankhwala tochepa, zonunkha amatsegulira m'kabati yokoka mpweya, ndipo wopanda gauni, magalasi ndi nsapato zotseka amabwezedwa pa khomo. Mwana wanuyo akasunga zimenezo, osadya kapena kumwa mu labu, n'kumasamba m'manja potuluka, mudzamulandirira zidzukulu.

Amene ndimawadera nkhawa ndi ena. Anyamata athu amene amawotcha mercury m'zisakasa poyenga golide amapuma utsi wake iwo ndi ana awo. Mu July 2023 anthu 17 anafa ku Angelo, ku Boksburg, ndi mpweya wotuluka mu silinda imene oyenga golide ankagwiritsa ntchito. Ndiponso amayi ambiri amene mumapemphera nawo amagwira ntchito za m'nyumba, ndipo ena amasakaniza Jik ndi viniga kapena ndi mankhwala otsukira chimbudzi poganiza kuti ziyera kwambiri. Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine, akakumana ndi ammonia amatulutsa wina wowotchanso mapapo, ndipo bafa ndi kachipinda kakang'ono kotseka. Lamulungu likubwerali muwauze kuti azigwiritsa ntchito mtundu umodzi, atsukuluze ndi madzi ambiri, kenako winawo. Wina akasakaniza mwangozi n'kuyamba kutsokomola ndi kulira maso, asayambe wakolopa. Atuluke panja, asiye chitseko ndi mawindo zili pululu, ndipo chifuwa chikapitiriza kuthina apite ku chipatala atanyamula mabotolo onse awiri.